Mafunso ndi mayankho: kukonza holide yokaona masitima a malasha ndi mafakitale akale ku Britain

Ine ndimakhala ku Manchester ndipo kwa zaka zingapo tsopano holide yanga ikangokwana ndimanyamula kachikwama nkumakakwera masitima a malasha, kulowa m'migodi ndi m'mafakitale akale omwe anawasandutsa mamyuziyamu. Abale akwathu amandifunsa mafunso omweomwewo, ena ndi anzathu ogwira mashifiti omwe akufuna kutulutsako ana sukulu ikatsekera, ena ndi makolo obwera kudzaona zidzukulu ndipo atopa ndi kungokhala m'nyumba kuonera TV, nde ndati ndingoyankha onse pamodzi.

Kodi masitima amenewa amayendadi kapena ndi ongoimika kuti anthu aziwajambula?

Amayendadi, ndi moto weniweni, malasha enieni, utsi mpaka kununkha m'malaya. Nkhani yake ndi yoti m'chaka cha 1963 kunatuluka lipoti la bambo wina dzina lake Richard Beeching loti njanji zambiri zing'onozing'ono sizikupindula, boma linatseka njanji zambirimbiri ndi masiteshoni ake, kenako mu Ogasiti 1968 masitima a malasha anasiyiratu kunyamula anthu pa njanji zikuluzikulu za boma, dizilo ndi magetsi zinalowa m'malo. Mainjini ambiri anadulidwa nkugulitsidwa ngati zitsulo. Koma anthu wamba okonda masitima anakana kuti zonse zithe choncho, anayamba kusonkha ndalama, kugula zidutswa za njanji zotsekedwazo, kuzilambula okha pa wikendi. Ku Barry ku Wales kunali malo ogula zitsulo zakutha a Woodham Brothers komwe mainjini anangounjikidwa osadulidwa msanga, ndipo 213 mwa amenewo anawomboledwa imodzi imodzi, ena atachita dzimbiri mpaka mitengo kumera mkati. Ambiri mwa mainjini amene mukakwere lero anachokera pamulu umenewo.

Oyamba enieni anali a Talyllyn Railway ku Wales mu 1951, imeneyo ndiyo njanji yoyamba padziko lonse kutengedwa ndi anthu ongodzipereka. Ndipo mpaka lero ambiri amene muwaone atavala yunifomu, wogulitsa matikiti, woimba wezulo, ngakhale wothira malasha pamoto uja, salipidwa ayi. Wina ndi namwino wopuma ntchito, wina mphunzitsi, wina mnyamata wa ku koleji.

Ndili ndi masiku anayi kapena asanu okha, ndiyambire kuti?

Apa mpamene anthu ambiri amalakwitsa. Amatsegula mapu nkuona kuti Britain ndi kadziko kakang'ono nde amalemba York, Wales, Scotland, Birmingham zonse sabata imodzi, mapeto ake holide yonse imathera pa pulatifomu kudikira sitima yamakono mmalo mokwera yakale. Walira mvula walira matope, ukafuna malo ambiri walandiranso kutopa ndi matikiti odula. Sankhani dera limodzi, mupeze pogona pamodzi, muzichoka mmawa nkubwerera madzulo. Zinazo mudzaona chaka china, sizithawa.

Woyamba kumene ine ndimamuuza kuti apite ku York. National Railway Museum ili kuseri kwa siteshoni pompo, woyenda wapansi, ndipo kulowa ndi ulere. Muli Mallard, injini ya buluu ija imene pa 3 Julayi 1938 inathamanga makilomita 203 pa ola, mpaka pano palibe sitima ya malasha inaiposa, mulinso mabogi amene ankakwera mafumu ndi sitima ya ku Japan ya Shinkansen. Tsiku lonse limatha mmenemo. Tsiku lachiwiri North Yorkshire Moors Railway, kuchokera ku Pickering kukafika ku Grosmont makilomita 29 kudutsa m'mapiri opanda mitengo, ndipo masitima ena amapitirira mpaka ku Whitby kunyanja komwe mungadye nsomba ndi tchipisi musanabwerere. Tsiku lachitatu kwerani chakumpoto ku Shildon, kuli myuziyamu yotchedwa Locomotion, yaulerenso, m'dera limene pa 27 Seputembala 1825 njanji ya Stockton and Darlington inatsegulidwa, injini ya Locomotion No. 1 ikukoka mabogi a malasha ndi anthu. Lachinayi Beamish ku County Durham, umene ndi mudzi wathunthu womangidwa ngati kale, mashopu, sukulu, nyumba za anthu a mumgodi, matiramu oyenda, ndipo ndi waukulu moti tsiku limodzi simumaliza.

Amene mumakonda mapiri pitani kumpoto kwa Wales, mukagone ku Porthmadog. Kumeneko nkhani yonse ndi ya sileti, inde mwala womwe uja agogo athu ankalembapo kusukulu, kuno ankafolera nyumba. Ffestiniog Railway inatsegulidwa mu 1836 kuti izitsitsa masileti kuchokera ku Blaenau Ffestiniog kupita kudoko, makilomita pafupifupi 22, ndipo poyamba kunalibe injini, mabogi odzaza ankangotsetsereka okha ndi kulemera kwawo, mahatchi nkumakoka opanda kanthu pobwerera kumtunda. Mainjini anabwera mu 1863. Njanji yake ndi yopapatiza, masentimita 60 osakwana bwino, pamene yathu ya ku Malawi ndi mamilimita 1,067 ndipo ya masitima wamba a kuno ndi 1,435. Pa siteshoni yomweyo ya Porthmadog pamanyamukanso Welsh Highland Railway yopita ku Caernarfon, makilomita 40. Talyllyn ija ili chakummwera ku Tywyn.

Dera lachitatu ndi la pakati, kufupi ndi Birmingham. Severn Valley Railway kuchokera ku Kidderminster kukafika ku Bridgnorth makilomita 26 motsata mtsinje, Black Country Living Museum ku Dudley, ndi Ironbridge komwe kuli mlatho wachitsulo wa mu 1779. Pafupi pomwepo ku Coalbrookdale mpamene Abraham Darby mu 1709 anasungunula chitsulo pogwiritsa ntchito malasha a pansi owotchedwa kale mmalo mwa makala a mitengo, ndipo ng'anjo yakeyo ikadalipo. Ukaiona ndi kachinthu ka njerwa kosaoneka bwino, koma chitsulo chotchipa chimene chinadzapanga njanji ndi mainjini chinayambira pamenepo.

Ndipo ife a ku Manchester ndi Leeds sitifunika nkugona komwe kunja, zambiri zili pakhomo.

Ndilibe galimoto, zitheka?

Zitheka ndithu, ine maulendo anga ambiri ndi a sitima ndi basi, kungoti sankhani njanji zimene zimakumana ndi masitima wamba. Ku Keighley mumatsika sitima yochokera ku Leeds nkungowolokera pulatifomu ina, basi mwakwera kale Keighley and Worth Valley Railway, makilomita 8 mpaka ku Oxenhope. Ku Kidderminster masiteshoni awiriwo ndi oyandikana. East Lancashire Railway mumafika pa tiramu kuchokera pakati pa Manchester kukatsikira ku Bury. Amene muli ku London, Bluebell Railway imayambira ku East Grinstead. Ku Shildon myuziyamu ili pafupi ndi siteshoni. Ku Tywyn ndi ku Blaenau Ffestiniog masitima wamba amafikanso.

Ovuta ndi awa: ku Pickering kulibe sitima wamba nde mumakwera basi kuchokera ku York, ku Grosmont sitima wamba imadutsa koma kangapo kokha patsiku, ku Ironbridge mumatsikira ku Telford nkupeza basi kapena takisi, ndipo mamyuziyamu a kumeneko ndi omwazikana m'chigwa, si oyenda wapansi onse. Ku Beamish nakonso ndi basi. Chachikulu onani nthawi ya basi yomaliza musanachoke pakhomo, kumidzi ya kuno mabasi amatha msanga ndipo kulibe kabaza woti angakupulumutseni. Lamulungu samalani kwambiri, ndi tsiku limene amakonda kukonza njanji nde mumapezeka akukukwezani basi mmalo mwa sitima, ulendo wa ola limodzi nkukhala maola awiri.

Nthawi yabwino ndi iti?

Kuyambira nyengo ya Pasaka mpaka Okutobala. Ine ndimakonda Meyi, Juni ndi Seputembala, kunja kumachedwa kuda, anthu sachuluka ngati kumapeto kwa Julayi ndi Ogasiti pamene ana ali pa holide. Januwale ndi Febuluwale njanji zambiri zimatseka kapena kuyenda mwa apo ndi apo chifukwa ndi nthawi yokonza. Disembala kumakhala masitima a Khirisimasi a ana koma matikiti ake amatha kukadali miyezi.

Chinthu chimodzi ndikupempheni, musaganize kuti poti ndi sitima ndiye kuti imayenda tsiku lililonse. Njanji iliyonse ili ndi kalendala yake pa intaneti, masiku amapakidwa mitundu, mtundu uliwonse ndi ndondomeko yake ya nthawi, ndipo tsiku lopanda mtundu ndiye kuti kulibe sitima. Ine ndinapitako kwina Lolemba lina mu Novembala ndi mlamu wanga amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Zomba, tinakwera sitima ziwiri ndi basi, kufika geti lotseka, mvula ikuwaza, injini itaphimbidwa ndi lona kuseri kwa mpanda. Zinandipweteka chifukwa bamboyo anali atandiuza usiku wonse za sitima imene ankakwera ali mwana kuchokera ku Limbe kupita ku Balaka ndipo ulendo wake wobwerera kumudzi unali Lachinayi. Onaninso ngati sitima ya ola limene mwasankhalo ndi ya malasha, chifukwa ena mwa maulendo amakokedwa ndi dizilo yakale, ndipo kukauma kwambiri chilimwe ena amaimitsa malasha kuopa kuti nthethe zingayatse tchire.

Pamakhalanso mawikendi apadera amene amawatcha gala, mainjini ambiri amayatsidwa nthawi imodzi, ena obwereka kwina. Kwa okonda mainjini ndi phwando. Kwa amene muli ndi ana ang'ono kapena agogo ndi chipwirikiti, mipando imasowa.

Zimadya ndalama zingati? Bajeti yanga ndi yochepa.

Mitengo imasinthasintha chaka ndi chaka nde muone nokha pa tsamba la malo amene mwasankha, koma mmene zimakhalira ndi chonchi. Mamyuziyamu akuluakulu a boma kulowa ndi ulere: ya ku York ija, Locomotion, Science and Industry Museum ya ku Manchester, ndi mgodi wa malasha wa Big Pit ku Wales ngakhale kuti kutsikira pansi pamakhala kandalama. Amangopempha chopereka pakhomo, muli nacho perekani, mulibe lowani palibe amene akuyang'aneni moipa. Nde pulani yabwino ndi kusinthanitsa, lero malo aulere mawa olipira.

Masitima a malashawo ndiye odula, banja lonse tsiku limodzi mumamva ndithu m'thumba, ndipo anthu ena amadandaula kuti makilomita 20 okha mtengo choncho bwanji. Ine ndinasiya kudandaula nditaona mkati mwa shedi yokonzera. Injini iliyonse ikatha zaka pafupifupi khumi amayenera kuiphwasula, thanki yowiritsira madzi ija kuitulutsa nkuiyeza bwinobwino chifukwa ikaphulika imapha, ndipo ntchito imeneyo imatenga zaka ndi ndalama zoopsa. Malasha nawonso, dziko lomwe linalemera ndi malashali pano latseka migodi yake, mgodi wa Ffos-y-fran ku Wales umene njanji zambiri zinkadalira unatsekedwa mu 2023, nde akuitanitsa kunja. Tikiti yanuyo ndi imene ikugula malashawo.

Pochepetsa: gulani tikiti ya tsiku lonse yokwera ndi kutsika mmene mungafunire, ndi yabwino kuposa yopita ndi kubwera kamodzi. Funsani tikiti ya banja. Malo ena ngati Beamish tikiti imodzi imagwira chaka chonse, nde ngati mumakhala kufupi musaitaye. Akakufunsani za Gift Aid, imeneyo ndi ya okhawo amene amalipira msonkho kuno, simuonjezera kanthu kwenikweni koma eni malowo amakatenga 25p pa paundi iliyonse kuboma, mlendo wochokera kumudzi asasaine. Pa masitima wamba okufikitsani kumeneko gulani matikiti a Advance kukadali masabata, ndipo Railcard ya Two Together kapena ya Family and Friends imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo, kungoti pa masitima akalewo nthawi zambiri sigwira. Chakudya nyamulani chanu. Ife timanyamula mpunga ndi nkhuku m'kontena, mandasi, tiyi mu fulasiki, timadya pa benchi la pa siteshoni ndipo palibe amene anatiletsapo.

Ana angasangalale kapena atopa?

Ana amakonda kuposa akulu, bola musawayendetse malo atatu tsiku limodzi. Apititseni kutsogolo sitima isananyamuke akaone wothira malasha akutsegula kachitseko ka ng'anjo, moto wake woyera ngati dzuwa, kutentha kumakumenya kumaso uli pa pulatifomu, munthuyo fosholo ili m'manja akuponya malasha kumanzere, kumanja, kutsogolo, osati kungounjika pamodzi, thukuta lakuda likutsika m'khosi. Madalaivala ambiri sitima ikaima amalola mwana kukwera kuti aone, mungopempha mwaulemu. Ana aang'ono kwambiri amadzidzimuka ndi wezulo ndi nthunzi ikamatuluka mwamphamvu, agwireni dzanja muime chapatali. Pawindo asatulutse mutu, kaphulusa kamalowa m'diso ndipo pa njanji zopapatiza za ku Wales makoma a miyala amadutsa pafupi kwambiri.

Kwa ana a pulayimale mamyuziyamu okhala ngati mudzi ndiwo abwino, Beamish, Black Country, kapena Blists Hill ku Ironbridge, chifukwa amagwira zinthu, amalowa m'kalasi yakale, amagula maswiti m'shopu yakale.

Zolowa mumgodi zija sizoopsa?

Mantha amakhalapo, ine ndinali nawo, koma amasamala kwambiri. Ku Big Pit ku Blaenavon mgodi unasiya kukumba mu 1980 nkutsegulidwa ngati myuziyamu mu 1983. Amakupatsani chipewa cholimba, nyali ya pamutu ndi lamba wolemera, amakulandani foni, wotchi, makiyi a galimoto, chilichonse cha batire kapena choyatsira moto chifukwa malamulo a mgodi akadagwirabe ntchito, mpweya wa pansi ukhoza kuyaka. Kenako mumalowa m'chikepe nkutsika mamita 90. Mwana ayenera kufika mita imodzi kutalika. Ambiri mwa okutsogoleraniwo anagwirapo ntchito mumgodi.

Pamene sindidzaiwala mpamene wotitsogolera anatiimika pa chitseko china chamatabwa nkutiuza kuti tonse tizimitse nyali. Mdima umenewo si wa kumudzi magetsi akazima ayi, kumudzi kumakhala nyenyezi, uwu ndi woti dzanja lako uligunditse pamphuno osaliona. Nde ali mumdimamo anatiuza kuti kale ana aang'ono, ena a zaka zisanu ndi chimodzi, ankakhala pa zitseko zotere tsiku lonse, ntchito yawo kutsegula ngolo ikamadutsa nkutsekanso kuti mpweya uziyenda bwino, kandulo ikatha amangokhala choncho. Mpaka mu 1842 mpamene lamulo linaletsa akazi ndi ana osakwana zaka 10 kugwira ntchito pansi. Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka 8 tsiku limenelo, ndinangomva kadzanja kake kakufunafuna langa. Tinaonanso makola a mahatchi amene ankakhala pansi pomwepo, mayina awo akadali olembedwa.

Amene Wales yakutalikirani, National Coal Mining Museum kufupi ndi Wakefield nayonso imatsitsa anthu, mamita 140. Amene mumabanika m'malo opanikiza kapena msana umavuta khalani pamwamba, kuli zambiri zoona, mabafa amene ankasambamo potuluka, makina okokera chikepe. Valani juzi ndi nsapato zotseka, pansi pamazizira ngakhale kunja kukutentha.

Nanga ife a ku Malawi zikutikhudza chani, si mbiri ya azungu imeneyi?

Funso limeneli ndimalikonda chifukwa nanenso ndinkaganiza choncho. Koma mukayenda ndi maso otsegula mupeza kuti kwathu kuli ponseponse m'nkhani imeneyi, kungoti sanalembe dzina lathu pa khoma.

Yambani ndi Blantyre. Inde kuli Blantyre ku Scotland, mphindi zosakwana 30 pa sitima kuchokera ku Glasgow Central, ndipo Blantyre yathu inatchedwa dzinali mu 1876 pokumbukira kwawo kwa David Livingstone. Iye anabadwa pa 19 Malichi 1813 m'nyumba ya antchito a fakitale ya thonje yotchedwa Shuttle Row, mabanja 24 nyumba imodzi, banja lililonse chipinda chimodzi, kuphika momwemo kugona momwemo. Nyumbayo ilipo, ndi myuziyamu. Ali ndi zaka 10 analowa ntchito m'fakitale yolumikiza ulusi ukaduka pa makina, kuyambira 6 koloko mmawa mpaka 8 koloko usiku, akaweruka nkupita kusukulu ya usiku. Ife kusukulu tinaphunzira za munthu wa chipewa amene anafika ku nyanja yathu mu 1859, za mwana wa m'fakitale uja sanatiuze. Mukakhala kumeneko pitaninso ku New Lanark, mudzi wina wa fakitale ya thonje m'mbali mwa mtsinje womwewo wa Clyde, komwe woyang'anira fakitaleyo Robert Owen anayesa kuchepetsa nkhanza, kumanga sukulu ya ana a antchito.

Kuti mumve mmene ntchito ya mwanayo inalili pitani ku Quarry Bank ku Styal, kufupi ndi bwalo la ndege la Manchester, fakitale ya mu 1784. Amayatsa makina ena owombera nsalu alendo akuona, ochepa chabe, koma phokoso lake pansi pamanjenjemera, mnzako ali pambali pako ukungoona milomo ikuyenda, nde uganize chipinda chonse chodzaza makina otere maola 12 kapena kuposa, fumbi la thonje lili m'mphuno. Pali nyumba imene ankasungiramo ana amasiye ndi osauka otengedwa kutali kudzagwira ntchito. Ndipo thonje limene ankapota linkachokera kuti? Lambiri linkalimidwa ndi akapolo akuda ku America. Mamyuziyamu ambiri masiku ano amanena zimenezi poyera, ndipo ngati wokuonetsaniyo sanatchule mufunseni, muli ndi ufulu. Livingstone yemweyo ankalota zoti chigwa cha Shire chizilima thonje logulitsa ku mafakitale a kwawo kuti malonda a ukapolo afe, ndipo patapita zaka atsamunda analimbikitsadi thonje ku Lower Shire. Nde mukaima pa makina amenewo muganize za mlimi wa ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ulusi wake ndi umodzi.

Njanji yathu nayo. Shire Highlands Railway inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, Nsanje ya lero, kuti katundu azitsika kupita kunyanja yamchere. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, makilomita oposa atatu ndi theka, umene unatilumikiza ndi Beira mu 1935, anamanga ndi a Cleveland Bridge a ku Darlington, tauni yomwe ija ya njanji ya mu 1825. Kampani yomweyo ndi imene inamanga mlatho wa pa Victoria Falls mu 1905. Abale a ku Zambia ndi ku Zimbabwe, mainjini aatali aja a Garratt okhala ndi thanki kutsogolo ndi kumbuyo amene agogo anu ankawaona ku Bulawayo ndi ku Livingstone, ambiri ankapangidwa ku Gorton muno mu Manchester ndi a Beyer, Peacock. Ndipo chosangalatsa nchoti ena anabwerera, mainjini a Garratt amene akukoka masitima pa Welsh Highland Railway lero anagwira ntchito zaka zambiri ku South Africa asanawagule nkuwabweretsa ku Wales. Tsiku limene ndinakwera ndinauza dalaivala kuti ndine wa ku Malawi, anatsika nkundizungulitsa injini yonse akundionetsa, mpaka woimba wezulo anachita kumukumbutsa nthawi.

Ndikapita kumudzi tsopano ndimadutsa pa Chichiri Museum kukaiona injini yakale ili pabwalo ija, imene ndili mwana ndinkangoidutsa. Ku Livingstone ndi ku Bulawayo kulinso mamyuziyamu a masitima. Zathu zilipo, zikungofuna anthu ozikonda.

Kodi sitikakhala akuda tokha kumeneko?

Nthawi zambiri inde, makamaka pa njanji za kumidzi, mupeza ambiri ndi azibambo achikulire achizungu ndi makamera awo. M'mamyuziyamu a m'tauni ndi mosakanikirana. Ine mmene ndaonera, anthu amenewa njala yawo ndi ya munthu wowamvetsera, mukangofunsa funso limodzi loti injini iyi inapangidwa liti basi mwapeza bwenzi, akuuzani mpaka tiyi kuzizira. Apatseni moni, afunseni, ndipo ngati agogo anu anagwirapo ntchito ku Nyasaland Railways kapena ku migodi ya ku Joni ndi ku Wankie auzeni, amamvetsera ndi chidwi chenicheni chifukwa malasha ndi njanji ndi chilankhulo chawo.

Ndivale chani, ndinyamule chani?

Jekete ya mvula nthawi zonse olo kunja kuwale bwanji, nsapato zoyendera, zovala zoti zikada musadandaule. Zoyera siyani kunyumba, mwaye umagwa ngati mukuotcha tchire. Tchajani foni ndipo matikiti muwajambule kapena kuwasindikiza, m'zigwa za ku Wales ndi ku Yorkshire netiweki imasowa.

Ndikubwera ndi amayi okalamba, ayenda bwanji?

Mabogi akale ali ndi masitepe aatali ndi zitseko zopapatiza, zina zotsegulira kunja potsitsa windo. Njanji zambiri zili ndi bogi imodzi yokonzedwa kuti njinga ya olumala ilowe koma muimbe foni kapena kulemba dzulo lake kuti akusungireni malo. Kwa amayi okalamba ulendo wa sitima ndi wabwino kuposa mamyuziyamu a mudzi aja chifukwa amangokhala pansi dziko likudutsa pawindo, pamene ku Beamish ndi ku Blists Hill nkoyenda kwambiri, miyala yoyala pansi ndi zitunda. Ku York kuli bwino, pansi ndi posalala ndipo mipando ilipo. Zimbudzi gwiritsani za pa siteshoni musanakwere.

Ngati akuchokera kumudzi, a pasipoti ya Malawi amafunika viza ya alendo, ndipo musagule matikiti osabweza ndalama viza isanatuluke. Alendo osakhala kuno amaloledwa kugula BritRail Pass yokwerera masitima wamba masiku angapo, muwerengere ngati ikupindulitsa poyerekeza ndi matikiti a Advance, ngati mwasankha dera limodzi monga ndanenera nthawi zambiri siifunika.

Flying Scotsman ndikaipeza kuti?

Eni ake a injini ya malasha yotchukayi ndi a National Railway Museum koma sikhala ku York nthawi zonse, inapangidwa mu 1923 ndipo ikadayendabe nde imazungulira m'njanji zosiyanasiyana kapena imakhala ikukonzedwa. Onani kaye komwe ili mwezi umenewo. Komwe yapita matikiti amakwera mtengo nkutha msanga. Chimodzimodzi sitima ya Jacobite ya ku Scotland yochokera ku Fort William kupita ku Mallaig, ndi ya ku phiri la Snowdon yochokera ku Llanberis, zimenezo bukitsani kukadali miyezi.

Ndingathe kuyendetsako kapena kuthandizako?

Njanji zambiri zimagulitsa tsiku loti munthu wamkulu akwere kutsogolo, aphunzitsidwe kuthira malasha ndi kuyendetsa pang'ono dalaivala ali pambali. Ndi zodula, anthu amagulirana ngati mphatso ya tsiku lobadwa. Njira yaulere ndi kudzipereka, amafuna anthu nthawi zonse, m'shopu, m'khichini, kupenta mabogi, kusadza tchire m'mbali mwa njanji. Wofuna kudzakhala dalaivala amayamba ndi kupukuta injini mbandakucha, kenako pakapita zaka amakhala wothira malasha, kenako dalaivala, mayeso ali pa sitepe iliyonse, mmene zinkakhalira kale. Onani kaye ngati viza yanu ikulola ntchito yongodzipereka musanalembetse. Ine ndimapita Loweruka limodzi pamwezi ndikakhala kuti sindili pa shifiti, ndimafika 6 koloko mmawa kukadali chisisira, amandipatsa chidebe cha mafuta ndi nsanza, nkuyamba ndi magudumu moto ukuyatsidwa ndi matabwa akutha.